Netiweki yathawira pansi pa mango ku Chitala

Ku Chitala, nkhani imene yatenga malo pa bawo, pa mjigo ndi pa chigayo masiku ano si mtengo wa thonje kapena wa mtedza ayi. Ndi ya nyumba zimene zikumeza netiweki. Anayambitsa ndi bambo wina amene chaka chino wagwetsa nyumba yake ya udzu n'kumanga ya njerwa zootcha, malata onyezimira pamwamba, mawindo a zitsulo okhala ndi waya wotchinga udzudzu. Mudzi wonse unapita kukaona n'kuyamikira. Koma usiku woyamba kugonamo, mwana wawo wa ku Joni anaimba katatu konse, foni ili zii. M'mawa mwake bambowo anapezeka atakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mango, foni kukhutu, akufuula kuti: "Ndikukumva tsopano, mwanawe, lankhula!"

Pa mjigo amayi ena sanachedwe kugamula. Ati pamenepa pali dzanja la munthu, chifukwa nyumba yokongola chonchija siingamangidwe popanda wina kupsa nayo mtima. Anyamata a kabaza anaseka, ati foniyo yangokalamba basi, kapena asinthe layini. Bambowo anasinthadi. Anaika ya TNM, anaika ya Airtel, anabwereka ndi foni yatsopano ya mlamu wawo. Zonse zinachita chimodzimodzi: panja timizere tinayi, pabalaza tiwiri, kuchipinda chogona kamodzi kokha, nako kophethiraphethira.

Amene anandisangalatsa ine ndi agogo ena aakazi amene ankamvetsera akusenda chinangwa. Ati, "Ine m'kanyumba kanga ka udzu, foni imalira ngakhale nditaiiwala m'dengu la ufa." Anthu anafa ndi phwete, koma agogowo ndiwo ananena zoona kuposa onse. Foni imalankhulana ndi nsanja kudzera m'mafunde a wailesi, ndipo mafundewo amadutsa mu udzu wouma, mu nsungwi ndi m'matabwa ngati mphepo pa mpanda wa bango. Pa njerwa amafooka, pa konkire amafookeratu, makamaka ngati mkati mwake muli zitsulo. Akafika pa lata amanjanja n'kubwerera monga mmene dzuwa limathwanimira pa galasi.

Mphunzitsi wina wa sayansi atamva mkanganowu anangotuma mwana kukatenga pepala la aluminiyamu, lija amakutira nalo nkhuku yootcha pa ukwati. Anakulunga foni mwamphamvu osasiya mpata, n'kuuza wina kuti aimbe. Foni inangoti chete. Atafunyulula, inalira. Amayi aja a dzanja la munthu anati ayi, chitaninso, ndipo anachitanso. Kenako anawafotokozera za Michael Faraday, amene mu 1836 ku London anamanga kachipinda kokutidwa ndi chitsulo n'kuonetsa kuti mphamvu ya magetsi yochokera kunja siilowa mkati. Chitsulocho sichichita kukhala chogwirana ngati lata. Funde limodzi la 900 MHz ndi lotalika pafupifupi masentimita 33, choncho waya wa udzudzu, ngati ndi wachitsulo, ndi timabowo take tating'onoting'ono tija, kwa funde lotere ali ngati khoma. Waya wapulasitiki alibe mlandu.

Apa ndi pamene ejenti wina wa Mpamba ndi Airtel Money anadumphira m'nkhaniyo. Iyeyu amagwira ntchito m'kontena, chitsulo pansi, chitsulo m'mbali, chitsulo pamwamba. Makasitomala ake onse amaudziwa mkono wake, chifukwa akamatumiza ndalama amautulutsa pa kawindo, foni ili m'mwamba ngati akuimitsa minibasi. "Dikirani pang'ono, achimwene, ikubwera." Ati ankaganiza kuti ndi chizolowezi chake chabe, osadziwa kuti ndi sayansi.

Nkhani inakula itafika pa kutentha. Amene anakhalako kuno mu Okutobala akudziwa mmene nyumba ya malata imasandukira ng'anjo masana. Ndiye amene ali ndi kangachepe amayala pansi pa malata pepala lonyezimira lija amisiri amalitcha sisalation. Kutentha limachepetsadi, ndipo ine sindingauze munthu wa ku Salima kuti alichotse. Koma nkhope yake ndi ya aluminiyamu, ndipo ena akalizunguliza mpaka m'mbali amatseka ndi timipata tomwe netiweki inkazembera. Mmisiri wina anakana kwamtuwagalu, ati iye amamanga nyumba, samanga nsanja. Mnzake anamuyankha kuti kasitomala akadzayamba kuyankhira foni kuchimbudzi chakunja, dzina lotchulidwa lidzakhala lake.

Panabukanso za penti. Wina ankalumbira kuti netiweki inathawa tsiku lomwe anapaka nyumba yake penti wobiriwira. Ayi ndithu, penti wamba ndi laimu sizitchinga kanthu. Zopaka zomwe zimatchinga ndi zokhala ndi chitsulo, monga kansalu kopyapyala kosaoneka ndi maso kamene kamakhala pa magalasi ena obweza kutentha m'nyumba zitalizitali za maofesi. Atamufunsitsa, zinapezeka kuti sabata yomwe anapaka penti ndi yomwenso anaika chitseko chachitsulo.

Achinyamata funso lawo linali lina: bwanji kuimba kumatheka m'nyumba koma vidiyo ya pa WhatsApp imangozungulira? Mafunde apansi, monga a 900 MHz, amaboola khoma bwinoko kusiyana ndi a 1800 kapena 2100, ndipo vidiyo imafuna msewu wotakasuka pomwe mawu amadutsa ndi pa kanjira. Foni ikamavutika kumva nsanja imawonjezera mphamvu yake, ngati munthu wokuwa kutsidya la dambo, n'chifukwa chake batire limatha msanga ndipo foni imatentha m'thumba. Dzinja likafika zimaonjeza, poti madzi amamwa mafundewa, ndiye khoma lonyowa ndi mitengo ya masamba obiriwira zimadyako gawo lawo. Pamenepo mayi wina anati, "Kani mvula imanyowetsanso mawu!"

Dzulo ndinadutsa kwa bambo aja. Anayendayenda m'nyumba monse ndi foni m'manja mpaka anapeza windo limodzi loyang'ana kumene kuli nsanja, pomwe timizere timafika titatu. Achotsapo waya wachitsulo n'kuika wapulasitiki, akhoma msomali pa felemu, ndipo mayi a kunyumba asoka kathumba ka chitenje kopachikapo foni. Ndili pomwepo inalira. Mdzukulu anathamanga akukuwa kuti, "Agogo, a ku Joni!" Bambowo anayankha ataimirira pawindo lawo, dzanja lina litagwira khoma.