Makiyi 31 a alamu a ku Chintheche

Mlembi wa tsamba lino anangopempha madzi akumwa. Sanapemphe ngongole, sanapemphe puloti, sanafunsire mwana wa munthu. Kapu imodzi ya madzi basi, atangotsika minibasi pa Chintheche dzuwa lili paliwombo, atayenda makilomita pafupifupi 40 kuchokera pa Nkhata Bay miyendo itapanikizidwa ndi thumba la makaka. Madziwo anafika patatha mphindi 45, ndipo anali ofunda ngati osambitsira khanda. Kuseri kwa nyumba imene anapemphako madziyo, mtunda woti mwana atha kuponya mwala, kuli nyanja ya Malawi.

Mwini nyumbayo ndi alamu ake a mlembiyu, amene anabwerako ku Joni mu 2021 atakhalako zaka 22. Dzina lawo tilisunga. Ana a m'mudzimo amawatcha Ada Makiyi, ndipo sadikira kuwaona kuti adziwe kuti akubwera, amawamvera patali. M'chiuno mwawo mumalendewera mpukutu wa makiyi wolira ngati maseche, wolemera moti buluku linapendekera mbali imodzi. Mlembiyu anawawerenga podikira madzi aja, poti nthawi inalipo yambiri. Analipo 31.

Ulendo wa kapu ya madzi unayenda motere. Madzi anali mu filiji. Filiji inali ndi loko chifukwa cha adzukulu. Kiyi wa loko ameneyu, pokhala wofunika kwambiri, sakhala pampukutu, amasungidwa mu kabati ya kuchipinda. Kiyi wa kabati anaiwalika m'galimoto, galimoto inali mu galaji, ndipo kiyi wa galaji anapita naye mlonda amene anatumidwa m'mamawa kukasaka petulo wa jenereta. Anatuma mwana pa kabaza kukasaka mlonda. Mwana anabwerako ndi kiyi, koma wa khola la nkhuku. Atatsegula zonse m'ndondomeko yake, anapeza kuti filiji inazima dzulo lake madzulo, ndipo usipa umene unali m'menemo unali utayamba kulankhula.

"Alamu, musadandaule," anatero Ada Makiyi akupukuta thukuta. "Pakhomo pano chilichonse chilipo."

Nzoona, chilipo. Vuto ndi kuchifikira.

Anthu a kuno sanayambe lero kubwera ndi katundu kuchokera kunja. Dr Robert Laws atasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kubwera ku Bandawe mu 1881, Atonga analowa sukulu msanga kuposa ambiri m'dziko muno, ndipo sukuluyo inawatulutsa kukakhala makalaliki ndi akapitawo ku Salisbury, ku Bulawayo ndi kumigodi ya Johannesburg. Clements Kadalie wa ku Chifira, pafupi ndi Bandawe pomwepa, anachoka mu 1915, ndipo pofika 1919 anali atayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town. Ena anatchona, ena anabwerera. Koma obwerera a nthawi imeneyo chuma chawo chinkakwana m'bokosi limodzi lachitsulo: suti, chipewa, nsapato zonyezimira, bulangete, mwina ndi galamafoni. Kiyi anali mmodzi, womangidwa pachingwe m'khosi. Munthu ankavala chuma chake chonse Lamulungu, nkuyenda nacho mwamatama kupita kutchalitchi, anthu nkuona, nkhani nkuthera pomwepo. Madzulo ankachibweza m'bokosi nkukasamba kunyanja.

Alamu athu awa anabwera ndi ngolo yathunthu yokokedwa ndi galimoto ya thiransipota, kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kudzalowa pa Dedza. Katundu yense ali ndi mbiri yake ya msonkho wa pachipata, ndipo mlendo aliyense amaimva mbiriyo asanapatsidwe moni wachiwiri. Muli mawayilesi a kanema atatu, imodzi yaikulu ngati chitseko. Muli makina ochapira zovala amene sanachapepo ngakhale mpango, poti madzi a pampopi safika ndi mphamvu yokwanira, ndiye amasungiramo mbewu ya chimanga. Muli makina othamangirapo munthu ali pamalo amodzi, m'dera limene gombe lake la mchenga woyera anthu amalipira ndalama za ndege kudzaliyenda. Pamakinawa amayanikapo matawulo. Muli kuka ya magetsi ya mbale zinayi, yophimbidwa ndi nsalu yoluka, pomwe kondowole yense wa pakhomopo amaphikidwa kuseri, pa mbaula ya njerwa ndi dothi ya Changu Changu Moto imene bungwe la Ripple Africa la ku Mwaya linafalitsa m'midzi ya kuno.

Koma mfumu ya katundu yense ndi masofa.

Masofawa ndi achikopa, oyera, okwana anthu khumi, ndipo akadali m'mapulasitiki amene anachoka nawo kusitolo ku Johannesburg. Pamasofa amenewa sipakhala munthu. Adzukulu akangoyandikira amakalipiridwa ngati afika pamanda a mfumu. Mayi a pakhomopo amawapukuta m'mawa ndi madzulo, ndiye kuti amapukuta pulasitiki, chikopa chenichenicho palibe anachikhudzapo chibwerere. Nyengo ya nkhungu, tizilombo tija tikatuluka m'nyanja ngati utsi nkudzaza pamagetsi, banja lonse limatseka mawindo nkukhala mumdima kuti masofa asade. Mlembiyu, poti ndi mlendo wochokera kutauni, analoledwa kukhalapo. Ndi kutentha kwa kunyanja, pulasitiki inamumata m'ntchafu, ndipo podzuka panamveka phokoso limene linachititsa apongozi kuyang'ana kumbali mwaulemu. Eni nyumba onse anali atakhala pamphasa pakhonde, pamene pamawomba kamphepo. Mlembiyu akukhulupirira mpaka lero kuti m'dziko muno muli masofa ambiri amene akhala moyo wabwino kuposa eni ake, ndipo ena adzafika pogawidwa pa chuma chamasiye asanamvepo kulemera kwa munthu.

Walira mvula walira matope. Katundu aliyense anabwera ndi m'bale wake. Mphepo yamkuntho ya Ana itawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130, alamu anagula jenereta kuti filiji isazime. Jenereta inafuna kanyumba kake, kanyumba kanafuna loko. Petulo atayamba kusowa, anagula sola. Sola inafuna mlonda, mlonda anafuna tochi, jombo ndi tiyi wa usiku, kenaka panafunika galu woti azidzutsa mlonda. Galuyo sadya kondowole. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, batire limene linafa linakwera mtengo kuposa mmene anagulira sola yonse, ndiye pakadali pano sola ili padenga kuothera dzuwa.

Usiku alamu sagona. Nthawi ya 1 koloko amadzuka kukaona ngati mlonda ali maso. Cha m'ma 3 koloko amadzukanso kukaona ngati amene ali maso uja akadali mlonda yemweyo. Mlembiyu anagona chipinda choyandikana nawo, ndipo usiku wonse ankamva maseche aja akuzungulira nyumba. M'mawa mlonda anali wowala nkhope, wopuma bwino. Bwana maso ali psuu.

Nanga mafoni? Alipo atatu, ndipo onse amalira nthawi imodzi. Mutu ukakula sulewa nkhonya: mwana wa achemwali wabwezedwa kusukulu, msuweni ali kuchipatala, ku maliro a tsidya la Luweya akufuna galimoto ndi bokosi, gulu la malipenga likufuna mayunifolomu oyera atsopano, atsikana a chilimika akufuna zawo za Chaka Chatsopano, ndipo kutchalitchi awasankhanso kukhala mlendo wolemekezeka pa mwambo wosonkhetsa ndalama za denga, kachinayi motsatizana. Munthu wa nyumba ya matailosi sanganene kuti alibe. Akanena, anthu amayang'ana dishi ya kanema ili padenga nkuseka. Pa zimenezi mlembiyu sakuwaseka alamu ake, chifukwa ana angapo a m'mudzimo afika Fomu 4 ndi ndalama za mkulu ameneyu, ndipo iye satchula.

Chomwe chimasokoneza mutu ndi zimene zimachitika pagombe lomweli, kungoyenda pang'ono. Ku Kande kumaima zimalole zonyamula alendo ochokera ku Ulaya, anthu amene kwawo anasiya mafiliji, masofa ndi makina ochapira, nkulipira madola kuti adzagone m'tenti, ayende osavala nsapato ndi kudya nsomba ndi manja. Chikondwerero cha Lake of Stars chinayambira pa Chintheche Inn mu 2004, chinabwereranso pompo mu 2016, ndipo anthu anachokera kutali kudzagona pamchenga. Mzungu akuwononga ndalama kuti akhale ngati msodzi kwa sabata imodzi. Alamu anatsuka mbale ndi kusamalira kapinga wa mzungu zaka 22 kuti adzakhale ngati mzunguyo, ndipo ati afike, apeza mwini wakeyo ali pagombe, wavala kabudula wong'ambika, akuphunzira kupalasa bwato.

Msodzi weniweniyo mlembiyu anamupeza m'mawa akusoka ukonde pansi pa mtengo. Chuma chake ndi bwato, nkhafi, nyali ndi ukondewo. Nyumba yake amatseka ndi kamtengo. Mlembiyu, mwa chizolowezi cha anthu a m'tauni amene amasirira umphawi wa anzawo akakhuta, anayamba kumuyamikira kuti ali ndi mtendere wosowa. Mkuluyo anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Ada, mtendere wake uti? Mwera ukawomba sabata yathunthu ana amagona ndi njala. Usipa unathawira kutali, kumene bwato ili silifika. Mukafuna kundithandiza, ndigulireni injini."

"Injiniyo muzikaisunga kuti?"

"Ndimanga kanyumba. Ndigula loko."

Ndiye kuti matendawa alibe katemera. Ngakhale boma linadwalapo: linadzala mitengo ya paini mahekitala 53,000 ku Chikangawa, ndi cholinga choti idzadyetse fakitale yopanga zopangira mapepala imene m'zaka za m'ma 1970 ankati imangidwa pa Chintheche pompano. Fakitaleyo sinamangidwe, ndipo dziko linatsala ndi nkhalango yoti lizilondera ku moto ndi kwa ocheka matabwa chaka ndi chaka. Makina ochapira a alamu ali ndi achibale akuluakulu.

Pali chinthu chimodzi chimene mlembiyu sanathe kuchiseka. Mpanda wa alamu, wa njerwa, wautali kuposa munthu, wokhala ndi mabotolo oswa pamwamba, unatsika mpaka kumchenga nkudula kanjira kamene amayi a m'mudzimo ankadzera popita kukachapa, kutsuka mbale ndi kutunga madzi. Tsopano amazungulira, ndowa pamutu, mwana kumsana. Si alamu okha. Gombe lonseli anthu a ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi a ku Joni akugula mapuloti, nkumanga mipanda, nkusiya mlonda ndi galu, iwo nkumabwera pa Khirisimasi pokha. Agogo amene anasamba pamalopo chibadwire akufunsidwa ndi mnyamata wa chibonga kuti akufuna chiyani. Munthu ugule sofa, uikulunge m'pulasitiki, ndi zako. Koma nyanja sunabwere nayo pa ngolo ya thiransipota, ndipo palibe msonkho umene unalipira pa Dedza.

Ndipo mwini mpandayo nyanjayo saiona. Mpanda unaitchinga. Anaikako kageti kachitsulo kotulukira kugombe, koma kiyi wake anasowa chaka choyamba, loko nkuchita dzimbiri. Alamu anavomera okha kuti chibwerere ku Joni sanaviikepo phazi m'nyanja, chifukwa akapita kukasamba makiyi asiyira ndani? Kulowa nawo m'madzi, amira.

Nyanja inatopa kudikira. Mu 2024 madzi anakwera kuposa mmene anachitira kwa zaka zambiri, malo ogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhata Bay nkulowa madzi, ndipo kwa alamu nako nyanja inabwera kudzacheza. Sinagogode, sinafunse mlonda, galu sanauwe. Inagwetsa chigawo cha mpanda cha kumunsi nkusiya kageti kaja kali chiimire pakati pa madzi, kokhoma bwinobwino. Kwa miyezi ingapo amayi anadutsanso njira yawo yakale. Usiku umene madzi anafika pakhonde, anyamata asanu ndi mmodzi ananyamula masofa kupita nawo kumtunda, mvula ikugwa, alamu ali patsogolo ndi ambulera, atafunditsa sofa.

Mpandawo anamanganso, ndipo anawonjezera mizere iwiri ya njerwa.

Tsiku lonyamuka, mlembiyu anadikira pageti mphindi 20 kuti kiyi apezeke, minibasi ziwiri nkumudutsa. Kenaka alamu anamukokera pambali, nkumugwiritsa kathumba kolemera.

"Alamu, inu ndinu munthu wopanda zambiri, mumagona tulo. Awa ndi makiyi apadera a pakhomo pano, onse. Kuno sindikhulupirira munthu. Mukandisungire."

Kukana mlamu nkovuta. Mlembiyu anafika nawo kwawo, anawaika pansi pa pilo, sanagone. Anawasamutsira mu sutikesi, sanagonebe, poganiza kuti akasowa, nyumba yonse ya ku Chintheche ndi masofa ake omwe zidzakhala pamutu pake. Loweruka anapita kumsika kukagula kabokosi kachitsulo ndi loko wake. Munthu amene anapita ku Chintheche ndi makiyi awiri, wa chitseko ndi wa njinga, tsopano ali nawo 34.