Positi ofesi yeniyeni ya ku Kawale

Amene amalemba adiresi ya "Lilongwe 2" amadziwa kuti ku Kawale kuli positi ofesi. Ilipodi, ndipo timabokosi take tidakali ndi maloko. Kungoti makalata achikondi anasamukira pa WhatsApp, ndalama za agogo kumudzi zikudutsa pa Airtel Money ndi Mpamba, moti munthu akati akukagula sitampa, anzake amamufunsa ngati zonse zili bwino kunyumba.

Nkhani masiku ano zimafikira pa okala. Mayi wa pa okala amadziwa amene wachotsedwa ntchito mkazi wake asanamve, poti bambo amene dzulo ankagula shuga wa paketi lero akufunsa woyeza pa sipuni. Pakhoma analembapo kuti ngongole mawa, koma pansi pa kauntala pali kope lonenepa kuposa la m'kalasi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mayiyu anakweza mitengo nkhani isanathe kuwerengedwa pa wailesi. Ndani ankati uthenga umachedwa m'dziko muno?

Madzulo nkhani zonsezi amakazisanthula ku bala. Kumeneko aliyense ndi katswiri: wogwira paketi ya Chibuku amakonza chuma cha dziko, wa Green amasankha osewera a Flames, kwinaku akuitanitsabe "Carlsberg" ngakhale kampaniyo inagulidwa ndi Castel mu 2016. Chinsinsi chonong'onezedwa pamenepo cha m'ma 9 koloko usiku chimafika ku Biwi ndi ku Mchesi tambala asanalire, popanda envulopu, ndipo chimafika chitawonjezeredwa ndime ziwiri.