Zimene makhadi atidyera, Ogasiti mpaka Novembala

Ogasiti, sabata ya mwambo wa Kulamba. Alamu anga afika kuchokera ku Johannesburg, adutsira kuno kwa Mlolo popita kumwambowo ku Mkaika. Asiyira ana mitolo iwiri ya makhadi a Magic: The Gathering, uliwonse makhadi 100. Makhadi: K0. Tambala wowathokozera: K120.

Seputembala, kumayambiriro. Mtundu wa masewera umene alamu aphunzitsa anawa umatchedwa Commander, ndipo umakoma osewera akakhala anayi. Mitolo inalipo iwiri. Mapepala a manila 4 ogula ku boma ku Chadiza: K40. Mabolopeni 3: K9. Chisamba wanga wadula makhadi 200 ndi sizasi ya amake, nakopera mawu onse pamanja, masiku asanu ndi limodzi. Kutchaja foni pa sola ya anansi, maulendo 8: K24. Bandulo yowerengera malamulo ndi kufufuza mawu a pamakhadi: K50. M'foni momwemo taona kuti masewerawa anatuluka mu 1993 ku America, ndipo anawapanga ndi katswiri wa masamu, Richard Garfield.

Moyo wa wosewera aliyense umayambira pa 40. Amawerengera ndi maso a chimanga, 160 onse pamodzi, otapa m'nkhokwe: K0.

Seputembala, pakati. Mabatire a tochi: K30. Wachiwiri wanga waluza madzulo anayi otsatizana, nakana nsima. Ndinakhala naye pamphasa n'kumuyala makhadi ake. M'masewerawa muli makhadi amene anawa amawatcha minda. Ndiwo amabala mana, ndalama ya m'masewera imene umagulira kuponya makhadi ena. Iye anaika minda 25 yokha, malo otsalawo anadzaza zilombo zazikulu chifukwa zithunzi zake n'zoopsa. Zilombo zinkangomukhalira m'manja, chozilipirira palibe. Mkulu wake amaika minda 37, kuwonjezapo Sol Ring, khadi limene umalipira mana 1 koma lokha limabala 2 ulendo uliwonse. Ndinamuuza zimene ndimadziwa ine: ng'ombe zisachuluke kuposa msipu. Anachotsa zilombo 12. Mtengo wa phunziroli: K0.

Okutobala. Apa ndilembapo zambiri, chifukwa ndi pamene ndinayamba kuwalemekeza masewerawa. Chisamba ali ndi makhadi awiri akuda amene amawatcha msampha. Loyamba, Sanguine Bond, limati iwe ukawonjezera moyo, mdani mmodzi ataye moyo wofanana nawo. Lachiwiri, Exquisite Blood, limati mdani akataya moyo, iwe uwonjezere wofanana nawo. Onse awiri akakhala pansi, mdani akangotaya diso limodzi la chimanga, khadi limodzi limadzutsa linzake, linzakelo n'kudzutsanso loyamba, mpaka anzako atatu onse atauma. Ine ndakulira pansolo. Ndimadziwa mwala wotsiriza ukagwera m'dzenje la miyala, utapa n'kupitiriza, mzere wonse n'kuuzungulira kawiri anthu ali duu. Koma nsolo imakaima padzenje lopanda kanthu. Msampha uwu ulibe poima.

Nzeru yake ili pa nthawi. Khadi lililonse mwa awiriwo limafuna mana 5. Ukaponya loyamba msanga, anzako atatu amaiwala ndewu zawo n'kukuunjikira iwe. Mwana wa achemwali anga, wa makhadi abuluu, amasunga minda iwiri yosagwira, kudikira ndi Counterspell, khadi lofafaniza chimene mnzako waponya. Chisamba anaphunzira kuoneka wosauka, kusiya awiri amenyane, kuyang'ana minda ya msuweni wakeyo, ndipo ikangotha ntchito ndiye atchere. Mnyamata amene sankatha kudikira kuti mbatata ipse ndinamuona atagwira khadi m'manja maulendo asanu osaliponya.

Exquisite Blood lagwera m'kapu ya thobwa, laumitsidwa padenga. Timatumba tapulasitiki tokutira makhadi a alamu: K15.

Okutobala, kumapeto. Mzime, amene inali nthawi yake yoweta, anakhala kumbuyo kwa akulu ake kuonerera msampha. Mbuzi zisanu zinalowa m'dimba la anansi, repu ndi matimati. Tinakambirana pamaso pa anyakwawa. Chindapusa: K150. Sindinatsutse; mabedi atatu ndinawaona ndi maso anga.

Zonse pamodzi: K438. Yaposa K400 imene mlimi amapereka kuti alandire feteleza ndi mbewu za FISP, ndipo amake ana anandikumbutsa zimenezo kawiri. Akunena zoona.

M'buku lino la ndalama, tsamba la chaka chatha, miyezi yomweyi, lili ndi mzere umodzi umene sindiuiwala: chisamba, njuga kuseri kwa kantini, K300 ya soya, kubwera pakati pausiku. Chaka chino mzere umenewo palibe. Madzulo onse ndimadziwa pamene ali. Dikishonale ya kusukulu yakuda m'mphepete ndi zala, chifukwa khadi silimvera munthu amene sanamvetse Chingerezi chake.

Novembala. Mvula yayamba. Chigamulo cha pakhomo pano, tagwirizana ine ndi amake: makhadi apitirira, Lamlungu lokha tikachokera kutchalitchi, kufikira titakolola. Ndalama, ngakhale K1, isaikidwe pamphasa. Woweta tsiku limenelo saonerera. Mitolo inayi yonse ikugona m'chitini cha mbewu, ndipo kiyi ali ndi amake.