Pusi Wogwa Chagada ndi Kansomba Kosadziwa Kukana

Mwambi wakuti “ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada” wakhala ukutengedwa ngati chenjezo kwa adyera, koma kafukufuku wa kansomba kamizeremizere kotchedwa zebrafish, komwe kwawo ndi mitsinje ya ku India ndi Bangladesh, akusonyeza kuti vuto la pusiyo mwina silinali m’mimba koma m’mitsempha.

Mluza wa kansombaka, umene umaonekera mkati moti ofufuza sasowa kuung’amba, umayamba kupinda mchira patangotha maola 17 dzira litakumana ndi umuna, ndipo pofika maola 27 umatha kusambira ukakhudzidwa. Kusambirako kumatheka pokhapokha minofu ya kumanzere ikamakoka pamene ya kumanja yapumula, ndipo wolamula kupumulako ndi glycine, mankhwala achilengedwe amene maselo ena a mitsempha ya mumsana amatumiza kutsidya lina la thupi kukaletsa anzawo kuti asalowerere nthawi isanakwane.

M’chaka cha 1996 ofufuza a ku Tübingen, m’dziko la Germany, anafotokoza za nsomba zobadwa ndi chilema zimene anazitcha bandoneon, dzina la chida choimbira cha mtundu wa akodiyoni, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti cholandirira uthenga wa glycine m’nsombazi n’chowonongeka. Nsomba yotere ikakhudzidwa imakoka mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, thupi n’kufupika, mphamvu n’kutha, koma osasuntha pomwe ili. Khama ilinalo lokwanira. Chosowa ndi wonena kuti ayi.

Chilemachi chafala pakati pa anthu amakono, ngakhale glycine wawo ali bwinobwino. Munthu amene ali pamsonkhano wa kuntchito kwinaku akuyankha magulu a WhatsApp pansi pa tebulo, atavomera kale kukhala msungichuma wa komiti ya ukwati ndi wapampando wa chitukuko cha kumpingo Loweruka lomwelo, amafika madzulo atatheratu, osatha kuloza chimene wachita tsiku lonse.

Komabe kuletsa kukanyanya nakonso n’chilema. Nsomba zina, zotchedwa shocked, zimalephera kuchotsa glycine akatha ntchito yake, choncho uthenga wa “dikirani” umachuluka mpaka kusambira osayambika, monga zimakhalira kwa mkulu wa muofesi amene yankho lake pa pempho lililonse ndi “bwerani mawa”. Kusiyana kwake n’kwakuti nsombazi zimachira zokha pakapita masiku ochepa, pamene mkuluyo amangokwezedwa paudindo.