Sing'anga wa kompyuta

Kompyuta yapakhomo ikayamba kuimaima chifukwa chodzaza ndi mapulogalamu, odziwa amati mankhwala ake ndi kuikamo pulogalamu ina yoyeretsa. Ife osaphunzira tingatsutse ndife yani?

Pulogalamuyo ili ndi ulemu wa sing'anga: kuombeza n'kwaulere, ndipo chiyambire sinakumanepo ndi kompyuta yathanzi. Imapeza matenda zikwizikwi, koma mankhwala okha amafuna khadi la kubanki. Mu 2017 akuba a pa intaneti analowerera pulogalamu yoyeretsa yotchedwa CCleaner, ndipo anthu oposa 2 miliyoni anatenga vayirasi pofuna ukhondo.

N'chifukwa chake ochenjera amaika pulogalamu yachiwiri yolondera yoyambayo, kenako yachitatu yochotsa ziwirizo. Kompyuta ikaimanso, tonsefe, ndi odziwa omwe, timaizimitsa n'kuiyatsanso.