Kodi kkkkk anabwera naye ndani?

Mkangano umene wavuta m'tauni sabata ino si wa mafuta kapena mtengo wa shuga. Ndi wa tizilembo timene anthu akulemberana pa WhatsApp. Akuti anauyambitsa ndi bambo ena a m'gulu la mpingo, amene atamva za maliro analemba kuti "pepani, LOL", poyesa kuti akutumiza chikondi. Gulu lonse linangoti zii, mpaka mdzukulu wawo anawanong'oneza kuti aseka anamfedwa.

Tisawaseke kwambiri bambowa. Mu 2012, pa kafukufuku wa Leveson ku London, mkonzi wakale wa nyuzipepala Rebekah Brooks anaulula kuti David Cameron, nduna yaikulu ya Britain pa nthawiyo, nayenso ankatsiriza mauthenga ake ndi LOL poganiza zomwezo.

Ku saluni amayi akuloza chala ana a masiku ano, ati ndi ulesi. Wina woluka tsitsi, chipeso chili kukamwa, anawakumbutsa kuti anayamba ndi iwo omwe, nthawi imene SMS imodzi inkangolola zilembo 160 ndipo mayunitsi ankapweteka. "Zkm" ndi "bwnj" anabadwira pamenepo. Nkhani inasinthidwa msangamsanga.

Pabawo ndiye pali aphunzitsi ena opuma amene sapatsa mnzawo mpata. Iwo akuti OMG ndi nkhalamba kuposa tonsefe, ndipo sakunama: Lord Fisher, mkulu wa asilikali a pamadzi, anamulemba m'kalata yopita kwa Winston Churchill mu 1917, ali ndi zaka 76. Dikishonale ya Oxford inadzamulandira mu 2011, pamodzi ndi LOL.

Pamene pafika povuta ndi pa kkkkk. Kondakitala wa minibasi ya ku Ndirande analumbira, ndalama zili pakati pa zala, kuti ameneyu ndi wathuwathu, wobadwira konkuno. Koma anthu a ku Brazil amasekanso chimodzimodzi pa foni. A ku Spain amalemba jajaja, pamene a ku Thailand amangoti 555, chifukwa m'chilankhulo chawo nambala 5 amaitchula kuti "ha". Kondakitalayo atauzidwa anati a ku Brazilwo anaonera kwa ife. Palibe anatsutsa; tonse tinali tikudikira chenji.

Za mabulesa ndiye palibe mkangano, anachokera ku Joni. Atsikana ankaika zithunzi za nsapato zodula ndi mahotela pa Instagram n'kulemba #blessed, anthu n'kuyamba kufunsa kuti wodalitsayo ndani. Dzina linamera pomwepo, n'kuwoloka malire mofulumira kuposa basi ya pa Mwanza. Chris Messina, amene anapereka ganizo la hashtag pa Twitter mu 2007, sindikhulupirira kuti ankaganizira za azibambo a mimba zikuluzikulu.

Atsopanowa akubwera ndi TikTok. Rizz, luso lofunsira, anamutchukitsa Kai Cenat wa ku New York, ndipo Oxford inamusankha kukhala mawu a chaka cha 2023. Mu 2025 Dictionary.com inasankha 6-7, wochokera m'nyimbo ya Skrilla, amene ana amangokuwa akugwedeza manja popanda tanthauzo lililonse. Aphunzitsi a masamu ku America atopa naye.

Makolo, mwana akakuyankhani kuti 6-7 musavutike n'kumukalipira. Yambani kunena inuyo, mokweza, pamaso pa anzake. Pofika Lachisanu adzakhala atasiya yekha.