Perefyumu wonong'ona

Kwathu kuno perefyumu ali ndi ntchito yodziwika: kufika pamalo mwini wake asanafike, n'kutsalira mwini wake atachoka. Munthu ukagula botolo, ndalama zako ziyenera kumveka. Ukalowa mu minibasi ya ku Bangwe, mayi wa pawindo ayenera kutsokomola, kondakitala n'kukuitana kuti bwana asanaone n'komwe nsapato zako. Umo ndi momwe ndinakulira ine, ndipo ndakhala kasitomala wokhulupirika wa anyamata aja amathira mafuta onunkhira m'timabotolo tokhala ndi kampira pakamwa. Mafuta amenewo alibe manyazi. Malaya uwachape, uwayanike, uwasite, fungo limakhala lili pompo kukudikira.

Tsono alamu anga, mng'ono wa mayi a kunyumba amene ndi namwino ku Manchester, atabwera kutchuthi anapisa m'chikwama n'kutulutsa kabokosi. "Alamu, ili ndi lanu nonse awiri," anatero. Ine ndinaseka, poyesa kuti ndi kutopa kwa ndege. Pabanja pathu zinthu za awiri zimadziwika: bedi, ana ndi ngongole. Perefyumu sanakhalepo pamndandanda umenewo.

Dzina lake ndi Voyage d'Hermès, ndipo musandifunse katchulidwe kake chifukwa lilime langa linaphunzira ku sukulu ya boma. Botolo lake lilibe chotsekera chochotsa. Lili ndi chitsulo chonyezimira chomwe chimazungulira, kubisa popoperapo kenako n'kupaonetsa, motengera kagalasi kokulitsira zinthu kamene anthu amapinda n'kuika m'thumba. Ine ndinachikoka, kuchipotokola, mpaka kuyamba kuyang'ana pomwe pali mpeni. Mwana wanga wamkazi wa Fomu 2 anangochikankha ndi chala chimodzi maso ali pa foni.

Alamu anandiuza kuti kampani ya Hermès, imene imapanga perefyumuyu, inayamba mu 1837 mumzinda wa Paris, pomwe Thierry Hermès ankasoka zingwe zachikopa zomangira akavalo pa ngolo, ndipo mpaka lero chizindikiro chake ndi kavalo ndi ngolo. Mtima unakhala pansi. Ndinati anthu amene anayambira kwa akavalo nkhani ya thukuta amaidziwa, apa ndiye Limbe yense amva.

Ndinapopera pamkono. Choyamba kufika ndi kafungo kozizira ka ndimu, kothwa pang'ono, kamene sikachedwa. Pambuyo pake pamabwera cardamom, timbewu tija ta m'makoko obiriwira tomwe amwenye amathira mu tiyi ndi mu mpunga, ndi katsabola kapatalipatali kosaluma mphuno. Mukadikira, masamba a tiyi amatulukira. Kenako zonsezo zimaphwa n'kutsala fungo la thabwa louma longopalidwa kumene, losakanikirana ndi la khungu la munthu wongosamba. N'lokoma, sindingakane. Koma lonseli limachitika motsitsa, ngati mkamwini watsopano pachikamwini: amakhala kumapeto kwa mphasa, amayankha chapansipansi, ndipo mukamatembenuka kuti mumufunse maganizo mupeza anapita kale kudimba.

Ndinauza alamu kuti mwina pabwalo la ndege anawagulitsa lothira madzi. Iwo anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Akuti kupepukako n'kwadala. Amene anapanga fungoli mu 2010 ndi Jean-Claude Ellena, wobadwa mu 1947 ku Grasse, tauni ya kummwera kwa France komwe anthu akhala akulima maluwa a perefyumu kwa zaka mazana. Bamboyu anali mphuno ya Hermès, kutanthauza wopanga mafungo wa kampaniyo, kuyambira 2004 mpaka 2016, ndipo kutchuka kwake kwagona pa kuchotsa. Anzake akamathira zinthu zambirimbiri m'botolo limodzi, iye amachepetsa mpaka patsale zochepa zokhazo zimene sangachitire mwina. Taganizani, munthu kulandira malipiro a ku Ulaya chifukwa cha zimene sanathiremo. Ine kuntchito ndikachotsa tsamba limodzi pa lipoti amandiitana ku ofesi ya abwana.

Ndiye palinso nkhani ya mlingo. Langali ndi la mtundu wa eau de toilette, momwe mafuta enieni onunkhira amakhala pakati pa magawo 5 ndi 15 pa 100 alionse. Otsalawo ambiri ndi mowa, umene umauluka n'kunyamula fungolo. Kwa anzanga a kumalo a kachasu amene maso athwanima pomva zimenezi, dziwani kuti mowawo amauwononga dala kuti usamweke.

Lolemba m'mawa ndinadzipopera m'khosi ndi m'mikono n'kutuluka monyada. Ndisanafike pa siteji fungo linali litazimirira. Ndinabwerera n'kukawonjezera. Mayi a kunyumba anandipeza ndikununkhiza m'khwapa mwanga pakhomo ana a neba akuonerera.

"Abambo, mwatani?"

"Ndikufufuza ndalama za alamu, amayi. Zasowa."

Iwo anati akulimva bwinobwino. Zoona zake n'zakuti mphuno ya munthu ndi mlonda waulesi: fungo latsopano imalinena, koma likakhalitsa mphindi zingapo imasiya kuuza ubongo, kuti ikhale tcheru ndi lina lobwera. N'chifukwa chake wogulitsa usipa sadziwa zoti pabenchi pake pakununkha usipa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Pa perefyumu zinatembenuka. Amene ali pamphuno pako ndi amene sukumumva, ndipo ndalama zako amadyerera ndi ena.

Vuto n'lakuti enawo ayenera kukuyandikira. Fungo la mtundu uwu silidumpha msewu. Limathera pomwe mkono wako wathera, ndipo kutentha kwa Okutobala kumalifulumizitsa kunyamuka. Mu minibasi linakumana ndi dizilo, dengu la bonya, nkhuku ziwiri pansi pa mpando ndi mnyamata wina wodzola mafuta anga akale aja. Mwana wa ku Grasse sanatsegule n'komwe pakamwa. Kondakitala anandiitana kuti "madala, sunthani."

Kuntchito ndinayamba makhalidwe achilendo. Popereka fayilo ndinkawerama mopitirira muyeso. Pofotokoza nkhani ndinkatambasula mkono mpaka pafupi ndi mphuno ya womvera. Mayi wa pa risepushoni anafunsa ngati khosi likundivuta. Amene anamva kanthu ndi mesenjala wathu yekha, amene anaima, n'kununkhiza mumpweya, n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Achimwene, mwadzera ku chinkhoswe cha amwenye? Mwatisungirako kampunga?" Ndinafuna kumuuza kuti cardamom ndi chimodzi mwa zokometsera zakudya zodula kwambiri padziko lonse, kuti zoiposa mtengo ndi saffron ndi vanila, ndiponso kuti yambiri imalimidwa ku Guatemala ndi ku India. Koma munthu amene wangotchedwa mpunga alibe mphamvu zophunzitsa jogalafe.

Chimene chinandigwira mtima ine ndi fungo la thabwa lija lotsalira madzulo pakolala. Linandikumbutsa kabokosi ka mkungudza wa ku Mulanje kamene malemu bambo anga anagula pa Likhubula, momwe ankasungiramo makalata ndi chiphaso cha ubatizo. Bokosilo lilipobe, ndipo ukalitsegula lero limanunkhira chimodzimodzi, popanda wolipopera. Mtengo umenewu, Widdringtonia whytei, mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha, ndipo ndi mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984. Chiswe sichiudya, n'chifukwa chake macheka anaukonda. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse. Anthu a ku France amatenga kafungo ka mtengo kochepa zedi n'kukagulitsa pamtengo wa njinga, ife tinali ndi phiri lathunthu lonunkhira n'kuligulitsa matabwa a zitseko. Pamenepa sindiseka.

Komanso musaganize kuti fungo la mtengo m'maperefyumu ambiri a masiku ano limachokera kunkhalango. Lambiri limapangidwa mu labotale. Pali mankhwala ena otchedwa Iso E Super, amene akatswiri a kampani ya ku America anatulukira mu 1973, onunkhira mtengo wa mkungudza mopepuka kwambiri moti anthu ena sawamva n'komwe. Mu 2006 Mjeremani wina, Geza Schoen, anawathira okhaokha m'botolo ndi mowa, n'kulitcha Molecule 01. Anthu anakhamukira kukagula, ambiri n'kumavala fungo limene iwo eni amangolimva mwa apo ndi apo. Nditamva zimenezi ndinatonthozeka podziwa kuti ndili ndi abale ku Berlin ndi ku London, anthu ophunzira, amene nawonso amanunkhiza mikono yawo pakhomo.

Tibwere ku mlandu waukulu, wa kugawana. Ndinauza alamu kuti mwamuna ali ndi fungo lake, mkazinso lake, ndipo ndi mmene zinakhalira chilengedwere. Iwo anafunsa kuti ndimu ndi wamwamuna kapena wamkazi. Ndisanayankhe anapitiriza. Madzi onunkhira amene Johann Maria Farina anayamba kupanga ku Cologne mu 1709 ankadzola ndi onse, ndipo Napoleon, msilikali wogonjetsa maiko, ankadzikhuthulira mabotolo ake osawerengeka. Ku maiko a Aluya amuna a ndevu zawo amadzola fungo la maluwa a rozi popanda wowaloza chala. Zogawa mashelefu kuti uku abambo uku amayi zinakula m'zaka za m'ma 1900, ndipo amene anapindula ndi ogulitsa, poti banja limodzi linayamba kugula mabotolo awiri. Calvin Klein atatulutsa CK One mu 1994 n'kulengeza kuti ndi wa aliyense, achinyamata anaona ngati zatsopano pomwe zinali zamakedzana. Za ndimu ndikanatha kulimbana nazo, koma Napoleon ndinalibe naye mawu.

Choncho botolo linakhazikika pakati pa tebulo la kuchipinda, ndipo apa m'pamene chilungamo chinathera. Pathupi la mayi a kunyumba perefyumu yemweyu amagwira ntchito. Iwo amapopera kawiri kokha, kuseri kwa khutu ndi pachitenje cha paphewa. Akabwera kuchokera ku msonkhano wa amayi kumpingo amakhala akuwerenga anthu amene awafunsa. Chifukwa chake n'chosavuta. Amayi amakhala moyandikana, amalukana tsitsi, amanong'onezana, amalandirana makanda. Ife amuna timapatsana moni wa patali n'kuyamba kukalipirana za Bullets ndi Wanderers, wina tsidya lino la msewu wina tsidya ilo. Palibe mwamuna mnzanga amene anayandikirapo khosi langa chiyambire, kupatula wometa, amenenso mphuno yake inafa kale ndi sipiriti.

Munthu woyamba kundinunkhiza mwachidwi anali mayi wina woyandikana nafe nyumba, tsiku lomwe tinapanikizana pampando wa kumbuyo kuchokera ku Limbe. Sananene kanthu kwa ine. Anangondiyang'ana cham'mbali, n'kumanganso chitenje chake mwamphamvu. Madzulo ake, ine ndili kubafa, ndinamumva kukhitchini akulankhula motsitsa mawu.

"Anzanga, sindifuna kupasula banja la eni. Koma bambo a kuno akumanunkhira perefyumu wachizimayi. Wodulanso. Si wa mumsika ameneyu. Tsegulani maso."

Mayi a kunyumba anamuthokoza kwambiri, anamupatsa tiyi, kenako anamutambasulira mkono wawo kuti anunkhize. Kunakhala zii. Ine ndinakhalabe kubafako, sopo akuuma pamsana, kudikira kuti dzina langa liyeretsedwe. Mayi uja ataganiza anati, "Ndiye kuti akumakuberani?"

Nkhani inafika pa bawo ine ndisanafike. Ndinayembekeza kusekedwa, ndipo ndinasekedwa ndithu, mpaka wina anandifunsa ngati ndayambanso kubwereka nduwira. Koma kuseka kutatha, mkulu wina wa gulu lathu, amene ankhoswe ake amadziwa njira ya kunyumba kwake kuposa ya kwawo, anasiya kutakata n'kundikokera pambali. Nkhope yake inali ya munthu amene waona kuwala.

"Aise, tandiuza bwinobwino. Ukuti fungo lake ndi limodzi, mwamuna ndi mkazi?"

Ndinavomera.

"Ndiye munthu utafika kunyumba usiku malaya akununkhira, palibe umboni?"

Ndinamufotokozera kuti nzeru yakeyo ingagwire pokhapokha atagula mabotolo awiri ofanana, lina la kunyumba, lina la kumene amachedwerako. Anati zimenezo n'zazing'ono, ndingomuuza mtengo. Ndinatumiza uthenga kwa alamu pa WhatsApp, iwo anayankha m'mapaundi, ndipo mnyamata wa Airtel Money wa pafupi ndi bawo anatithandiza kusintha m'makwacha n'kuchulukitsa kawiri. Mkulu uja anayang'ana pa foni, n'kupempha kuti awerengenso. Anawerenganso. Anabwerera pa mpando wake, n'kutola nkhomo zake mwakachetechete.

"Sewerani, amuna inu," anatero. "Ine kuyambira lero ndizifika kunyumba dzuwa lisanalowe."